Manja a Ousmane Sow

Ousmane Sow wa ku Dakar sanalowepo m'kalasi ya zoumbaumba. Ntchito yake inali physiotherapy, kuwongola minofu ya odwala, ndipo ziboliboli zake zimachita kuonetseratu: mapewa a anyamata ogwetsana a mtundu wa Nuba, ukawayang'ana, umamva kuphwanya m'thupi. Mu 1999 anaziimika pa mlatho wa Pont des Arts ku Paris, anthu n'kukhamukirako.

Koma chilipo chimene chimandisowetsa mtendere. Anyamatawa anawaonera pa zithunzi za Leni Riefenstahl, mayi uja ankajambulira Hitler mafilimu. Mayiyo ankasaka matupi osalala, opanda banga. A Sow ndi okhakhala, ong'aluka ngati dambo la mu Okutobala. Kwa ine apa mpomwe anamuposa, ngakhale diso loyambalo linali lobwereka ndithu.