Funso Lobwerezedwa: Paxman ndi Howard, 1997

Pa 13 May 1997, m'pulogalamu ya Newsnight pa wailesi ya kanema ya BBC, Jeremy Paxman adafunsa Michael Howard funso limodzi koposa kakhumi: kodi pamene adali nduna ya za m'dziko la Britain, adaopseza Derek Lewis, mkulu woyang'anira ndende, kuti aphwanya chigamulo chake pa nkhani ya ndende ya Parkhurst? Ambiri amatama Paxman chifukwa cha kulimba mtima. Ife tikuona kuti luso lake lidagona pena.

Mwambo wa zokambirana zoterezi, monga adaulongosolera Clayman ndi Heritage m'buku lao la 2002, umafuna kuti mtolankhani azingofunsa. Akanena maganizo ake, ndiye kuti wakondera. Paxman sadanene kuti Howard akunama. Howard ankayankha kuti sadaphwanye chigamulocho, chonsecho funso lidatsamira pa mneni "kuopseza". Kubwerezako kudaika poyera kusiyana kwa aneni aŵiriŵa.

Komabe njirayi ili ndi malire ake. Oonera adazindikira kuti munthuyo akuzemba, koma za kayendetsedwe ka ndende adamva zochepa. Choncho wofufuza chilankhulo asamangoŵerenga kuchuluka kwa mafunso; ayambe wapeza mau amene woyankha wasinthanitsa.