Mtengo ndi Mpoto: Kuseweretsa Mau m'Nthano Zoseketsa ndi Malamulo a Kalembedwe ka Chichewa

1.0 Mau Oyamba

M'mabuku a Chingerezi muli mtundu wina wa nthano za maiko opeka, zodzala ndi afiti, zilombo ndi ngwazi, koma zolembedwa ndi cholinga chosereula nthano zinzake za mtundu womwewo. Chida chachikulu cha olemba ake ndicho liu limodzi lokhala ndi matanthauzo awiri. M'nkhani ino tiyamba taona olemba awiri a mtunduwu, kenaka tifunse ngati kalembedwe ka Chichewa kamapereka mpata kwa munthu wofuna kulemba zotere. Zitsanzo zathu tazitenga m'chilankhulo cha anthu a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi.

2.0 Olemba Awiri

Piers Anthony adayamba nthano zake za dziko la Xanth ndi buku lotchedwa A Spell for Chameleon m'chaka cha 1977. Njira yake ndi yotenga chining'a n'kuchisandutsa chinthu chooneka ndi maso. Kachipangizo koika m'nsapato kuti isapindike Angerezi amakatcha mtengo wa nsapato. Motero ku Xanth nsapato zimabereka m'mitengo. Poyamba munthu amaseka ndithu. Koma m'mabuku otsatira nthabwala zotere zidachuluka, zambiri zochita kutumizidwa ndi awerengi, mwakuti nkhani imayenda chotsimphina pofuna kupereka malo kwa nthabwala iliyonse.

Terry Pratchett, amene adayamba nthano za Discworld ndi buku la The Colour of Magic mu 1983, adatsata njira ina. Mutu wa buku lake la 1987, Equal Rites, ukamvedwa ndi khutu umanena za ufulu wofanana, koma ukaonedwa ndi maso umanena za miyambo. Nkhani yonse ndi ya mtsikana wofuna kuphunzira matsenga amene mwambo udapatulira amuna okha. Apa nthabwala ndiyo mzati wa nyumba. Mutaichotsa, denga ligwa. Ife tikuona kuti wolemba Chichewa ayenera kuphunzira kwa Pratchett, podziwa kuti nthabwala zakezo sizingatanthauziridwe m'chinenero chathu. Zathu tiyenera kuzifukula m'Chichewa momwemo.

3.0 Nthabwala za Diso ndi za Khutu

Nthano zathu zili kale ndi njira zodziwika zimene munthu angazisereule. Womvera akangoyankha kuti "Tilitonse", amadziwiratu kuti mfumu ilonjeza mwana wake wamkazi kwa munthu wochita ntchito yovuta, ndiponso kuti wopambana akhala mwana wamasiye wonyozeka.

Tiyerekeze tsono nthano iyi. Mfumu ya m'mudzi wa asodzi ikhoma chikalata chakuti wofuna mwana wake abwere ndi mtengo wa chambo. Anyamata amphamvu alowa m'mapiri kukafuna mtengo wobereka nsomba, namenyana ndi zilombo kumeneko. Mwana wamasiye, amene ndi waulesi, angotsikira kugombe, afunsa asodzi kuti chambo chikugulidwa bwanji lero, nabwerera kukauza mfumu. Nthano imeneyi imakoma papepala pokha. Polankhula, mtengo womera m'nthaka umatchulidwa mokweza liu pa phatikizo la "te", pamene mtengo wa malonda umatchulidwa motsitsa liu monsemo. Wokamba nthano pabwalo ayenera kusankha umodzi, ndipo akasankha ndiye kuti waulula chinsinsi. Momwemonso khungu la pathupi ndi khungu la maso.

Chitsanzo chachiwiri chikuyenda mobwerera. Asodzi a ku Malindi ndi ku Monkey Bay amazidziwa bwino mphepo ziwiri, mwera ndi mpoto. Sing'anga auza msodzi wina kuti ngozi yake ndi mpoto. Msodziyo agulitsa bwato lake, nakhala pakhomo, ndipo tsiku lina atsamwidwa ndi munga wa nsomba yophikidwa ndi mkazi wake. Ngozi idali m'poto. Kukhutu mau awiriwa ndi oyandikana kwambiri, kotero kuti womvera amanyengedwa pamodzi ndi msodzi uja. Koma wolemba ayenera kuika nkhodolero kapena kuisiya, ndipo chilichonse chimene angachite chidzaononga mbali imodzi ya nthabwalayo.

Palinso mtundu wachitatu umene Mangochi ali nao mochuluka, popeza kumeneko Chiyao ndi Chichewa zimalankhulidwa pamsika umodzi. M'Chiyao liu lakuti nyasa litanthauza nyanja, ndipo ndilo dzina limene David Livingstone adalemba atafika kumwera kwa nyanjayi mu 1859. Koma Mchewa akamva liulo amakumbukira chinthu chonyasa. Nthabwala yotere imamveka kwa munthu wodziwa zinenero zonse ziwiri, ndipo imafa m'manja mwa mkonzi amene amayesa liu lililonse la Chiyao ngati cholakwa.

4.0 Phunziro kwa Okonza Chinenero

Mark Hanna Watkins, m'buku lake la malamulo a Chichewa la 1937, adaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liu ndi zizindikiro. Kalembedwe ka tsiku ndi tsiku sikadatsate njira imeneyo. Chichewa chitasankhidwa kukhala chinenero cha fuko mu 1968, bungwe la Chichewa Board, lokhazikitsidwa mu 1972, silidalamule zizindikirozo m'malamulo ake. Ntchito ya bungweli idapita ku Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996. Ife ophunzira za zinenero timakonda kudandaula kuti kalembedwe kotere kamabisa kusiyana kwa mau. Dandauloli ndi loona, koma nthano ya mtengo wa chambo ikutionetsa kuti chimene ife tichiyesa chilema, wolemba nthabwala achiyesa chuma.

Motero tikupereka maganizo atatu. Choyamba, zizindikiro za kamvekedwe ka liu ziikidwe m'mabuku otanthauzira mau ndi ophunzitsira alendo, koma zisakakamizidwe pa wolemba nthano. Chachiwiri, akonzi a mabuku azilola wolemba kuphwanya lamulo mwadala, monga kusiya nkhodolero m'mau a sing'anga uja, pamene nkhani ikufuna kutero. Chachitatu, mau a m'mbali mwa nyanja, a Chinyanja ndi a Chiyao omwe, asachotsedwe m'kamwa mwa anthu a m'nthano pofuna kuti onse azilankhula ngati a ku Kasungu.

5.0 Mau Otsiriza

Malamulo a kalembedwe adaikidwa kuti mwana wa sukulu ku Makanjira ndi mnzake wa ku Dowa azilemba mofanana, ndipo cholinga chimenechi tonse tikuchivomereza. Koma wophwanya lamulo mwadala ndi wosiyana ndi wosalidziwa, ndipo ntchito ya mkonzi ndi mphunzitsi ndiyo kuwazindikira awiriwa. Akalephera kutero, anthu odziwa kuseweretsa mau adzapitiriza kuseketsa anzao pagombe posoka maukonde, koma m'mabuku athu simudzapezeka dzina lao.