Fano Kapena Chitsanzo?

Tsiku lina ndinafunsa ophunzira anga a kumadrasa kuti aliyense atchule munthu amene amalakalaka kufanana naye. Mnyamata wina anayankha kuti “idol” wake ndi Mohamed Salah, katswiri wa mpira wa ku Egypt. Munthu amene anamusankhayo sindinamutsutse, pakuti ambiri tamuonapo Salah akugwetsa mphumi pansi akagoletsa chigoli. Chimene chinandidetsa nkhawa ndi liwu limene mwanayo anatchula.

M'Chingerezi, tanthauzo loyamba la “idol” ndi fano, chinthu chopembedzedwa. Pambuyo pake eni chilankhulo anayamba kutchulira liwuli oimba ndi osewera otchuka. Sindikunena kuti mwana wathu wachita shirk polinena, pakuti mtima wake sukupembedza munthu. Koma liwu limanyamula khalidwe lake. Fano amangoliyang'ana ndi kulitamanda. Salifunsa, ndipo silisintha wolitamayo. N'chifukwa chake mwana amatha kuvala malaya a Salah ndi kumeta ngati osewera anzake, koma Swala ya Fajr n'kumupeza ali m'tulo.

Chichewa chili ndi liwu loposa limeneli: chitsanzo. Muzu wake ndi umodzi ndi wa kutsanzira, choncho limafuna ntchito. Mwana wa msodzi saphunzira kusoka ukonde poombera bambo ake m'manja. Amakhala nawo pamchenga, kuyang'ana zala zawo, kulakwitsa, kumasula, n'kuyambiranso.

Qur'an imagwiritsa ntchito liwu lakuti “uswah”, ndipo limapezeka katatu kokha. Mu Surah Al-Ahzab, ndime 21, likunena za Mtumiki Muhammad (SAW). Mu Surah Al-Mumtahanah, ndime 4 ndi 6, likunena za Mneneri Ibrahim (AS) ndi amene anali naye. Taonani: amene akutchedwa chitsanzo ndi yemwe uja anaphwanya mafano a anthu a mtundu wake. Komanso ndime 4 ikupatula chinthu chimodzi chosayenera kutsanzira, lonjezo la Ibrahim lopemphera chikhululuko bambo ake opembedza mafano. Apa tikuphunzira kuti wotsanzira amatsegula maso ndi kusankha motsogozedwa ndi Allah.

Nafenso akuluakulu tili ndi mlandu. Liwu lakuti chitsanzo talitchipitsa. Pa ukwati ndi pa sadaka timalipereka kwa aliyense wobwera ndi galimoto kuchokera ku Joni, osafunsa za khalidwe lake. Koma mayi amene wakhala akugulitsa usipa zaka zambiri osabera munthu pa muyeso, palibe amamutchula.

Mnyamata uja ndinamuuza kuti apitirize kukonda Salah, koma andibweretsere khalidwe limodzi la munthuyo limene angalichite yekha sabata imeneyo. Makolo, funso lomweli afunseni ana anu madzulo ano. Ndipo kumbukirani kuti make mbuu, mwana mbuu: asanaone Salah pa foni, anayamba waona inu.