Chisankho cha ku Maputo, khadi la ku Dómuè

Mu Okutobala 2023 ndinatha masiku angapo ndikumvera anthu akukangana za mzinda umene ambiri a iwo sanaupondepo. Panali pa kagolosale ka m'mbali mwa msewu kuno ku Dómuè, pamene anyamata amachajitsa mafoni. Wina ankaonetsa kanema wa Venâncio Mondlane ali pamwamba pa galimoto ku Maputo, khamu likumutsata. Wina ankati Frelimo yapambana basi, zinazo ndi phokoso. Malume anga, amene anali phee nthawi yonseyo, anapisa m'thumba n'kutulutsa khadi lawo lovotera, latsopano, lokutidwa bwino m'pulasitiki.

"Nanga ife tikaponya liti?" anafunsa.

Anyamata aja anaseka. Koma malume sanafunse zopusa. Khadi analandiradi chaka chomwecho, chifukwa kalembera wa 2023 anayenda m'boma lonse la Angónia, monga anayendera m'maboma onse amene muli munisipiyo. Anthu anaima pamzere, anajambulitsa, analandira makhadi. Pofika pa 11 Okutobala, oponya voti anali okhawo okhala mkati mwa malire a Vila Ulónguè. Ife a ku Dómuè, ngakhalenso a m'midzi ya posto ya Ulónguè imene ili kunja kwa malirewo, tinatsala ndi makhadi m'matumba. Amatithandiza pa zina, monga pamene wapolisi akufuna chitupa pamsewu.

Ndikufuna kudzudzula dongosolo limene linachititsa kuti funso la malume likhale loseketsa. Ndidzudzulanso ife eni, chifukwa talizolowera.

Anthu ambiri sadziwa kuti poyamba sizinakonzedwe chonchi. Mu 1994, chisankho choyamba cha zipani zambiri chisanachitike, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lotchedwa 3/94. Lamulolo linkati maboma onse, a m'tauni ndi a kumudzi omwe, adzakhala ndi atsogoleri osankhidwa ndi anthu. Likanatsatidwa, bwenzi mlimi wa kachewere wa kuno akusankha woyendetsa Angónia kuyambira kalekale. Koma chisankho cha Okutobala 1994 chinaonetsa kuti Renamo ili ndi anthu ambiri ku Sofala, Manica, Zambézia, Nampula ndi kuno ku Tete. Mu 1996 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa, ndipo mu 1997 panabwera lamulo lina lopereka chisankho kwa mizinda ndi matauni osankhika okha. Maboma anatsala m'manja mwa administrador wotumizidwa kuchokera kumwamba. Akuluakulu anapatsa njirayi dzina la Chipwitikizi, gradualismo, kutanthauza kuyenda pang'onopang'ono. Ine ndikuona kuti mantha a kuluza madera akumidzi ndi amene anabala pang'onopang'onoyo, ndipo sindili ndekha pa maganizo amenewa.

Tiwerengere limodzi. Mu 1998 mamunisipiyo anali 33. Renamo inakana kupikisana nawo ndipo oponya voti anali ochepa kwambiri. Mu 2008 anakhala 43, ndipo m'pamene Ulónguè analowa. Mu 2013 anafika 53, mu 2023 anafika 65. Pa zaka 25 awonjezera 32 okha. M'chigawo chonse cha Tete alipo asanu: mzinda wa Tete, Moatize, Ulónguè, Nhamayábuè ndi Chitima. Anzathu a ku Tsangano ndi ku Macanga alibe ngakhale amodzi. Pa liwiro limeneli, mdzukulu wa malume adzamera imvi akudikira.

Tsono nkhani za m'mizinda ikuluikulu zili ndi phindu lanji kwa ife? Zili nalo, ndipo sindikuti tizitseke makutu. Taonani Beira. Daviz Simango anapambana kumeneko mu 2003 ali wa Renamo. Mu 2008 chipani chake chinamutaya n'kuika wina. Iye anaima payekha, wopanda chipani, ndipo anthu a ku Beira anamusankhabe. Chaka chotsatira anayambitsa MDM. Anakhala pampando mpaka imfa yake mu Febuluwale 2021. Kaya munkamukonda kaya ayi, nkhani ya 2008 inaphunzitsa dziko lonse kuti anthu a mumzinda angathe kuuza chipani kuti munthu uyu ndi wathu, inu mwalakwitsa. Zinatheka chifukwa panthawiyo pankakhala mapepala awiri, lina la presidente wa munisipiyo, lina la asembleya. Munthu ankatha kuchonga nkhope imene akuikhulupirira papepala loyamba, n'kuchonga chipani china papepala lachiwiri.

Khomo limenelo linatsekedwa mu 2018. Pokambirana za mtendere, Pulezidenti Filipe Nyusi ndi Afonso Dhlakama anagwirizana kusintha malamulo aakulu, ndipo Nyumba ya Malamulo inavomereza mu Meyi chaka chimenecho, Dhlakama atangomwalira kumene. Kuyambira pamenepo pepala ndi limodzi. Umavotera mndandanda, ndipo amene ali pamwamba pa mndandanda wopambana, uja amamutcha cabeça de lista, ndiye amakhala presidente. Anthu ena amati palibe chasintha, poti dzina la munthuyo limadziwikabe. Ine ndikuti chasintha chachikulu. Amene amalemba mndandanda ndi chipani, choncho wapampando amayang'ana kaye kumene kunachokera dzina lake asanayang'ane kumsika. N'zoona kuti gulu la nzika likhoza kupanga mndandanda wakewake. Koma onani zimene zinachitika ku Maputo chaka chomwecho cha 2018: Samora Machel Júnior, mwana wa pulezidenti woyamba wa dziko lino, anayesa kuima kudzera m'gulu la AJUDEM, ndipo mndandandawo unakanidwa. Mondlane nayenso analetsedwa kutsogolera mndandanda wa Renamo. Ngati khomo linapanikiza mwana wa Samora, mphunzitsi wopuma wa ku Ulónguè angadutsepo bwanji?

Zipani ziwiri zazikulu zinagwirizana pa chinthu chimodzi chimene chinkazikomera zonse, ndicho kuti pasadzapezekenso Daviz wina. Pamenepa sindikupatula Frelimo kapena Renamo.

M'pangano lomwelo la 2018 munali gawo lathu ife akumudzi, ndipo ndi limene limandiwawa. Munalembedwa kuti abwanamkubwa a zigawo adzasankhidwa kuyambira 2019, ndiponso kuti chisankho choyamba cha maboma chidzachitika mu Okutobala 2024. Tikanasankha asembleya ya Angónia, ndipo wotsogolera mndandanda wopambana akanakhala administrador. Gawo la abwanamkubwa linachitika, ngakhale pambali pa bwanamkubwa wosankhidwa anaikapo Secretário de Estado wotumidwa ndi Pulezidenti, mwakuti chigawo chili ndi mitu iwiri. Gawo la maboma silinachitike. Mu 2023 boma linakhazikitsa komiti yotchedwa CRED kuti iunike nkhaniyi, komitiyo inati nthawi sinakwane, ndipo mu Ogasiti aphungu a Frelimo, amene anali ndi mipando yokwanira kusintha malamulo aakulu paokha, anafufuta chaka cha 2024. M'malo mwake analemba kuti chisankhocho chidzachitika zinthu zikadzakhala bwino. Tsiku palibe.

Izi zinachitika miyezi iwiri yokha anyamata aja asanayambe kukangana za Maputo pagolosale. Palibe mmodzi wa iwo amene anatchulapo.

Ndiyenera kunena chilungamo: zifukwa zimene anapereka si zabodza zonse. Maboma alipo 154. Lililonse likakhala ndi asembleya, pafunika malipiro, maofesi, magalimoto, m'dziko limene aphunzitsi amadandaula za ndalama za maola owonjezera. Komanso m'boma ngati lathu pakanakhala kulimbana kwa mphamvu pakati pa munisipiyo wa Ulónguè ndi boma la Angónia, ndiponso pakati pa boma ndi chigawo. Mamunisipiyo ang'onoang'ono ambiri sadzidalira, amadikira ndalama zochokera ku Maputo. Zonsezi ndikuzivomereza. Koma mavutowa ankadziwika mu 2018 pamene ankalemba chakacho. Panali zaka zisanu zokonzekera, ndipo sanakonzekere. Munthu amene walonjeza kudzakulipira pokolola, koma iye osalima, sangabwere mu Meyi n'kumati nkhokwe ilibe kanthu ngati kuti ndi tsoka lamugwera. Ndipo ngati ndalama ndiye vuto, bwanji zinapezeka zolipirira mitu iwiri m'chigawo chilichonse?

Ena amandiyankha kuti akumudzi ali nawo kale owaimira: mafumu, alembi a m'midzi, ndi makonselo a uphungu amene ankakambirana za ndalama zija za "sete milhões" zimene zinayamba mu 2006 nthawi ya Armando Guebuza. Mafumu ndimawalemekeza, ndipo pa maliro, pa milandu ya malire a minda, palibe angalowe m'malo mwawo. Koma kuyambira 2000 boma linawazindikira mwalamulo, linawapatsa yunifomu ndi kandalama. Mfumu yovala yunifomu ya boma ingapemphe mjigo, koma singauze administrador kuti mukapanda kukonza mlatho uwu tikuchotsani. Konselo ya uphungu imapereka uphungu basi, monga dzina lake likunenera. Mphamvu yochotsa munthu pampando ndi imene imachititsa kuti akumvere, ndipo pa boma lathu mphamvu imeneyo tilibe.

Ife a m'malire tili ndi mwayi umene a ku Maputo alibe: timaona ndi maso mmene anzathu amachitira. Kungodutsa pa Calómuè n'kulowa Dedza, kapena kuoloka msewu pa Lizulu, mupeza msuweni wanu wolima nyemba ngati inu nomwe, amene amavotera khansala wa dera lake. Sindikuti kumeneko ndi kumwamba. Amalawi anasankha makhansala mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 anakhala opanda makhansala mpaka 2014. DC samasankhidwa ndi anthu. Makhansala amadandaula kuti aphungu amawaphangira ndalama zachitukuko, ndipo ambiri alibe ngakhale njinga yamoto yabwino. Komabe mayi wa kumudzi kumeneko amadziwa khomo la munthu amene anamuvotera, ndipo akhoza kukamuimirira pabwalo m'mawa. Palibe amene anamuuza kuti adikire mudzi wake usanduke tauni.

Pali kanthu kena kamene sitikaganizira. Chuma cha Vila Ulónguè chimachokera kuti? Matumba a kachewere, chimanga, nyemba, soya, kabichi, zonse zimatsika kuchokera m'midzi, pa ngolo, pa njinga, pa mathiraki. Wogulitsa mumsika wa munisipiyo aliyense m'dziko muno amalipira senya, kaya amagona m'tauni kaya wachokera kutali. Ndalamayo imalowa m'thumba limene oyang'anira ake amasankhidwa ndi a m'tauni okha. Msewu umene katunduyo wadutsa, uja umaduka mu Febuluwale mpaka mathiraki kumagona m'matope, uli m'manja mwa anthu amene sitingawasankhe kapena kuwachotsa.

Mwina wina anganene kuti, kodi chisankho cha 2023 chinali chosiririka? Funso labwino. CNE inalengeza kuti Frelimo yapambana m'mamunisipiyo 64 mwa 65, kusiya Beira yokha kwa MDM ya Albano Carige. Anthu anayenda m'misewu ku Maputo, ku Nampula, ku Nacala, ndipo ena anafa. Pa 24 Novembala khoti la Conselho Constitucional linatembenuza zotsatira za Quelimane, Chiúre, Alto Molócuè ndi Vilankulo n'kuzipereka kwa Renamo, linalamula kubwereza ku Marromeu ndi m'malo ena a Nacala, Milange ndi Gurúè, koma Maputo linamusiya kwa Frelimo. Linasuntha mavoti masauzande osafotokoza bwino mmene linawerengera. Poyerekeza, khoti la ku Malawi pofafaniza chisankho cha pulezidenti pa 3 Febuluwale 2020 linawerenga chigamulo chake tsiku lonse, anthu akumvera pa wailesi, ife tomwe kuno tikumvera nawo. Zimene zinatsatira chisankho cha Okutobala 2024 tonse tikuzikumbuka, sindizibwereza.

Tsono wina angati bola ife amene sitinalowe m'mavutowo. Ine sindikuvomereza. Anthu a ku Quelimane anaberedwa, anakuwa, ndipo Manuel de Araújo anabwerera pampando. Anali ndi pepala la zotsatira lomata pakhomo la sukulu loti aloze, anali ndi khoti loti apiteko. Amene sanaitanidwe n'komwe ku chisankho alibe choloza. Kuberedwa voti kumamveka pa wailesi. Kusapatsidwa voti sikumveka paliponse, ndipo ndi chifukwa chake atolankhani a m'mizinda analemba masamba ambirimbiri za Maputo, pamene za Ogasiti 2023 zinazirala msanga.

Apa m'pamene ndikudzudzula ife eni. Timatsatira ndale za Maputo ndi Beira monga timatsatira mpira wa ku England: tili ndi timu, timadziwa osewera, timakangana mpaka kudana, koma bwalo si lathu. Mnyamata amene angakuuzeni zonse zimene Mondlane wanena pa Facebook usiku wathawu sangakuuzeni kuti boma la Angónia lalandira ndalama zingati za misewu chaka chino, kapena amene amakhala m'konselo ya posto yake. Ine ndemwe ndinadziwa mochedwa kuti chaka cha 2024 chafufutidwa. Ndinamva kwa mnzanga wa ku Tete, patapita milungu. Aphungu amene timawasankha, a ku Maputo ndi a asembleya ya chigawo, amabwera nthawi ya kampeni ndi makapulana ndi malaya. Sindinamvepo wina wa ife akuimirira pamsonkhano n'kufunsa kuti, bwana, inu munavota bwanji pa nkhani ya maboma, ndipo tsiku latsopano ndi liti?

Chisankho china cha mamunisipiyo chikuyembekezeka mu 2028. Kalembera adzabweranso ndi makompyuta ake pasukulu, ndipo malume anena kale kuti akalembetsa, chifukwa lakale layamba kufufutika chithunzi.