Makaniko wa Massey Ferguson 135

Ulemu upite kwa makaniko amene amaisunga yamoyo Massey Ferguson 135. Thirakitala yaing'onoyi inkapangidwa kuyambira 1964, zambiri ku Coventry, koma lero lomwe ikutembenuzabe nthaka ndi kukoka ngolo. Injini yake ya dizilo ya Perkins, ya masilinda atatu, ilibe kompyuta. Imafuna khutu, maso ndi sipanala basi.

Mukapita kokagula yogwiritsidwa kale ntchito, mtengeni munthu ameneyu. Penti wofiira wonyezimira samutenga mtima. Amayamba wagwira injini ndi dzanja, chifukwa ngati wogulitsa waitenthetsa kale, mwina akubisa kuti imavuta kulira m'mawa. Ikalira, iye maso pa utsi. Wabuluu umamuuza kuti oyilo akupsa, maringi atha. Wakuda, dizilo sakupsa bwino kapena fyuluta ya mpweya yatsekeka. Oyilo akaoneka ngati mkaka, madzi alowamo, ndipo mtengo utsike pomwepo. Kenako amakweza pulawo m'mwamba, n'kuzimitsa injini, n'kudikira. Pulawo ikamatsika yokha msanga, ndiye kuti mahaidiroliki akutaya mphamvu. Kudekha kumeneku ndiko ndimakusirira kwambiri.

Kusamala kwake n'kwa tsiku ndi tsiku. Girizi m'malo onse oyenda, dizilo wosefa bwino wopanda madzi, oyilo wosintha pa nthawi yake. M'fumbi la Okutobala amatsuka fyuluta ndi radiyeta pafupipafupi, kuti mvula yoyamba ikagwa mlimi asapezeke akusakasaka sipeya anzake akulima.