Za Odwala Mwakayakaya m'Minda ya Tiyi

Inu owerenga amene mudayendapo m'mapiri a ku Thyolo mudziwa kuti minda ya tiyi njokoma m'maso, koma njira zake nzowawa kwa wodwala. Mwana akagwidwa ndi malungo aakulu ku Thekerani, kapena mayi akataya magazi pobereka usiku wamvula, chipatala cha boma cha Thyolo ndi cha Malamulo ku Makwasa zikhala kutali, ndipo cha Queen Elizabeth ku Blantyre kutali koposa. Namondwe Freddy atagumula misewu ndi milatho m'chaka cha 2023, kutalikaku kudaonekera poyera.

Tsono pali chizolowezi chimene tifuna kuchidzudzula. Pokamba za odwala mwakayakaya, pakamwa pathu pangodzala ambulansi ndi makina a mtengo wapatali, monga ngati munthu ayamba kupulumuka atafika m'tauni. Potero wodwala aimikidwa pamzere kumbuyo kwa wa chipere, nalemberedwa kalata, nakwezedwa pagalimoto popanda chomchirikiza panjira. Ena otere afika atatsirizika kale.

Taonani chimene chidachitika ku Queen Elizabeth. Kuyambira 2001, dokotala Elizabeth Molyneux ndi anzake adakonza zakuti ana aziyesedwa pakhomo pomwe, kuti wobanika ndi wokomoka ayambe ndiwo kuthandizidwa. Imfa za ana ogonekedwa, zimene zinali 10 mpaka 18 mwa 100, zidatsikira pa 6 mpaka 8. Nayenso kafukufuku wa m'maiko 22 a mu Africa, wofalitsidwa mu 2025, adapeza kuti mwa akulu 8 ogonekedwa m'chipatala, mmodzi anali mwakayakaya; ndipo oposa theka la otere sadalandire mokwanira thandizo loyamba, ndilo mpweya wa okosijeni, madzi a m'mitsempha, ndi kugoneka wokomoka chammbali kuti asatsamwe.

Kodi zimenezi zilira dokotala wamkulu? Iyayi. Namwino wa kachipatala ka pa esiteti akhoza kuzichita, akaphunzitsidwa ndi kupatsidwa zipangizo. Ambulansi sitiinyoza, pakuti mayi wofunika opaleshoni sangachire popanda iyo. Koma galimoto inyamula munthu, siimchiritsa.

Chifukwa chake tipempha eni minda ndi akulu a zaumoyo kuti asawerenge magalimoto okha, koma afunsenso kuti: wodwala asanakwere, adamchitira chiyani? Makolo adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Thandizo lopulumutsa ndilo limene limpeza munthu pamene wagwera.