Nkhalamba ya Choko Kumutu: Akuluakulu Ali Kuti M'masewero a ku Chipata?

Pafupifupi sewero lililonse la kusukulu kuno ku Chipata lili ndi nkhalamba yake. Amakhala mnyamata wa zaka 16 wopaka choko kumutu, wovala jekete la atate ake, woyenda chowerama ndi ndodo uku akutsokomola. Anthu amaseka iye asanalankhule n'komwe. Akatsegula pakamwa amaponya mwambi umodzi, n'kudzudzula ana amakono, basi ntchito yake yathera pomwepo. Nkhalamba imeneyi ndaionera zaka zambiri m'maholo a sukulu ndi pamipikisano ya NASAAZ, ndipo imandionetsa chimene chikusowa m'zisudzo zathu. Timasewera za anthu akuluakulu, koma eni akewo sapezeka polemba ngakhale posewera.

Anawo sindikuwanena, amachita zimene angathe ndipo ena ali ndi luso loopsa. Vuto n'lakuti masewero kwathu kuno ali ndi nyumba ziwiri zokha. Yoyamba ndi sukulu, kumene gulu limabalalika mayeso omaliza akangotha. Yachiwiri ndi mabungwe amene amalemba ganyu achinyamata kuti akachite sewero la uthenga pamsika ku Kapata kapena ku Mchini: kolera, HIV, maukwati a ana. Masewero a uthengawa ali ndi mbiri yabwino. Msonkhano wa ku Chalimbana mu 1979 unaphunzitsa ochita zisudzo kuyamba akhala pansi ndi anthu a m'midzi, kumva mavuto awo, kenako n'kupanga sewero. Lero kukhala pansi kuja kunachepa, chatsala ndi chikombole. Ng'oma ilira, anthu asonkhana, alowa chidakwa, alowa mtsikana wonyengedwa ndi bambo wagalimoto, ndipo pomaliza abwera namwino kapena mfumu kudzafotokoza phunziro. Woonera amadziwa mathero sewero lisanafike pakati, chifukwa amene anapereka ndalama anadziwa yankho wolemba asanagwire cholembera.

Munthu amene sindimuona pabwalo ndi uja wodziwa chabwino koma n'kuchita choipa pa chifukwa chomveka. Mayi wokwatitsa mwana wake wa zaka 15 timamuonetsa ngati mfiti yadyera. Bwanji tikanamuona usiku akuwerengera ngongole ya feteleza, chimanga chitakanika, ana ena anayi akugona ndi njala? Tikanadana nachobe chimene wachita, koma tikanapita kunyumba mtima uli m'malere, tikudzifunsa kuti ife tikanatani. Mayi wotereyu savuta kumulemba kwa munthu amene anagonapo maso ali gwa chifukwa cha ngongole.

Zisudzo za m'Zambia muno sizinayambe ngati zoseweretsa ana. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, aphunzitsi ndi ophunzira a ku UNZA anamanga bwalo lapamtetete n'kulitcha Chikwakwa, dzina la chida chotchetchera udzu. Ankafuna masewero a anthu wamba, osiyana ndi a m'makalabu a azungu. Kabwe Kasoma analemba Black Mamba, masewero onena za Kaunda ndi nkhondo yomenyera ufulu. Masautso Phiri ndi gulu la Tikwiza anabweretsa pabwalo nkhani ya Soweto. Pa wayilesi panali Julius Chongo ndi Poceza M'madzulo, munthu mmodzi wosintha mawu kukhala mfumu, mkazi wansanje, kalulu. Funsani agogo anu chifukwa chimene ankasiyira zonse kuti amumvere. Anthu a m'nkhani zake ankalankhula monga amalankhulira anthu pamudzi.

Ku Kenya nako, Ngũgĩ wa Thiong'o anali ndi zaka 39, wotchuka kale ndi mabuku a Chingerezi, pamene analemba Ngaahika Ndeenda m'Chigikuyu pamodzi ndi Ngũgĩ wa Mĩriĩ mu 1977. Ochita sewerolo ku Kamĩrĩĩthũ anali alimi ndi antchito, ndipo pokonzekera ankawongola mawu a olembawo pamene sanamveke ngati a kwawo. Boma linaletsa sewerolo n'kutsekera Ngũgĩ pakutha pa chaka chomwecho. Anthu akuluakulu akayamba kusewera za moyo wawo, olamulira nawo amatchera khutu.

Ine ndinayamba kulemba masewero nditapitirira zaka 30, nditaphunzitsa kale mabuku a anthu ena kwa nthawi yaitali. Timakumana Lamlungu masana m'kalasi yobwereka: telala, bambo wonyamula anthu panjinga, amayi awiri a pamsika, ndi achinyamata angapo. Sewero limene tikukonza likunena za chilimba chimene chasokonekera chifukwa mayi wina analandira ndalama zake n'kuleka kusonkha. Titafika pamene mnzake akupita kukalonjerera, mmodzi wa amayi a pamsika aja anangoimirira n'kuchita yekha. Anaodira, nati amangodutsa. Anafunsa za ana, za mvula, za mwendo wa apongozi. Ndalama sanaitchule ngakhale kamodzi, koma maso ake anali pa mbale zatsopano za pashelefu. Tonse tinangoti zii. Zimenezi palibe buku la zisudzo limene likanandiphunzitsa.

Komabe oyamba mochedwafe tili ndi matenda athu. Timakonda kulalikira. Mutipatse mpata, munthu mmodzi alankhula tsamba lonse osapumira, ndipo mnyamata aliyense m'sewero timamusandutsa wamwano wa foni m'manja. Kumeneko n'kubwezera chabe zimene ana amatichita ndi choko chija. Thupi nalo ndi lolemera, manyazi ndi ambiri, ndipo maliro kapena ulendo wokaoda katundu ku Mwami ungaimitse zokonzekera milungu iwiri. Achinyamata a m'gulu lathu ndiwo amadula zolankhula zathu zazitali, ndiwonso amadziwa mmene mtsikana wa ku Nabvutika amayankhira amayi ake akapsa mtima.

Ndiye inu amene mukulemba masewero m'makomboni, yesani izi. Pa sewero lanu lotsatira, mbali ya mayi muipereke kwa azakhali anu enieni, ya bambo kwa amalume a pashopu. Adzakana kawiri, adzati ndi zachibwana, koma muwaitane kuti adzangoonerera pokonzekera. Sipapita nthawi adzayamba kukuuzani kuti munthu wamkulu salankhula choncho. Pamenepo muwapatse mpando pakati pa bwalo, inu mutenge kope ndi cholembera, mulembe mawu awo monga momwe atulukira.